Walira damu, walira matope

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndidadutsa pakati pa damu la kwathu nsapato zili kuphazi. Damuli lili m'khwawa lina kumtunda kwa Ntcheu, chakufupi ndi malire a Mozambique, ndipo ndi momwe ndidaphunzirira kusambira ndili mwana, masiku amene pakati pake munthu wamkulu ankamira ngakhale atakweza manja. Tsiku limenelo pansi padali pong'alukang'aluka ngati phale, madzi otsala ataunjikana pangodya imodzi pafupi ndi khoma, obiriwira, ng'ombe zitaima momwemo n'kumakodzeramo. Amalume, omwe ndidatsagana nawo, adatola nsungwi yaitali imene anyamata oumba njerwa adaisiya, n'kuizika m'matope. Idalowa, n'kulowabe, mpaka chibakera chawo chidagunda pansi.

"Waona mphwanga? Anthu akuti damu laphwa. Ladzaza ili. Minda yathu yonse ya kumtundaku ili muno."

Amalumewa adakhala zaka 7 ku Joni, monga timanenera kuno ngakhale munthu atapitirira Johannesburg n'kukafika kunyanja ya mchere. Ankagwira ntchito m'munda wa mphesa kufupi ndi Wellington, m'chigawo cha Western Cape, m'mbali mwa mtsinje wa Berg. Ambirife mphesa timangoimvera kutchalitchi, ndiye wina akhoza kufunsa kuti nkhani ya anthu ofulula vinyo imukhudza bwanji mlimi wa kachewere wa ku Tsangano kapena wa tomato wa ku Bembeke. Imamukhudza pa madzi. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pomwe mphesa imafuna madzi mu Disembala ndi Januwale, dzuwa likuswa mtengo. N'chifukwa chake ukamayenda ku Paarl, ku Stellenbosch kapena ku Franschhoek, madamu a dothi amangoti mbwee m'tsinde mwa mapiri, pafupifupi famu iliyonse lake. Ifenso mvula yathu imatsazika mu Epulo, koma kabichi, anyezi ndi tomato wodzaza malole pa Lizulu mu Ogasiti ndi Seputembala amakula ndi madzi a m'dimba. Tonse timakolola ndi madzi omwe adagwa miyezi ingapo yapitayo, ndipo mlimi amapindula malinga ndi momwe wawasungira.

Pamsonkhano uliwonse wa chitukuko kuno kwathu, phungu kapena khansala akangoti anthu anene zosowa zawo, damu latsopano silikhala kutali. Ine ndikuti pempho limeneli tiyambe taliika pambali. M'dziko muno muli madamu ang'onoang'ono mazanamazana omwe adakumbidwa nthawi ya atsamunda ndi ya Kamuzu, ndipo ambiri ali ngati la kwathuli: khoma lilipo, malo alipo, koma m'kati mwadzaza dothi. Ndalama ndi thukuta zipite kumeneko kaye. Ndipo zikapita, tidziwe kuti ntchito yaikulu yokonza damu ili kunja kwa madzi, m'bango, mu udzu ndi m'mitengo ya m'mbali mwa khwawa, zinthu zomwe takhala tikuzitchetcha n'kumati tikuyeretsa malo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Amene walira damu nayenso walira matope omwe mtsinje udzabweretse, ndipo ayenera kukonzeratu pomwe adzawaimitsire asanalowe.

Chaka cha 2018 madamu awiri adagwetsa anthu mphwayi, lina uko lina kuno. Ku South Africa, mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, damu la Theewaterskloof, lalikulu mwa onse omwetsa mzinda wa Cape Town, lidatsika mpaka mphepo inkauluza fumbi pomwe kale pankayenda maboti. Kuyambira pa 1 Febuluwale chaka chimenecho munthu aliyense mumzindamo ankaloledwa malita 50 okha patsiku, zigubu ziwiri ndi theka, akumwa, ophikira, osamba ndi akuchimbudzi omwe. Adafika potchula tsiku lodzatseka mipopi, n'kulipatsa dzina loti Day Zero. Boma lidadulira alimi madzi othirira oposa theka. Tsikulo silidafike, ndipo china mwa zomwe zidathandiza n'choti alimi a zipatso a ku Elgin ndi Grabouw, dera lomwe kulinso minda ya mphesa, adatsegula damu lawo la Eikenhof n'kupatsa mzindawo malita pafupifupi 10 biliyoni. Chaka chomwecho damu la Mpira, konkuno ku Ntcheu, lomwe chimangidwireni kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 lakhala likutsitsa madzi m'mapaipi mpaka ku Balaka popanda injini, lidaphwa. Amene adali ku Balaka nthawi imeneyo sadaiwale mizere ya zidebe pamijigo mpaka usiku. Mvula idachepadi, koma aliyense wodziwa nkhalango ya Mvai adaona ndi maso zomwe zidachitika kumtunda kwa damulo: mauvuni a makala, minda yokwera phiri, ndi dothi lotsetserekera m'madzi dzinja lililonse.

Anzathu a ku Cape pofufuza komwe madzi awo ankathera adaloza chala mitengo. Osati yachilengedwe ya kumeneko, yomwe yambiri ndi zitsamba zazifupi zotchedwa fynbos, koma yobwera: paini, mitengo ya ku Australia yotchedwa wattle, ndi bulugama. Bungwe la The Nature Conservancy lidawerengera mu 2018 kuti mitengo imeneyi, yomwe yafalikira yokha m'mapiri ndi m'mitsinje, imamwa malita oposa 55 biliyoni pachaka, madzi oti mzinda wa Cape Town ukadamwa miyezi iwiri. Nkhaniyi idadziwika kale chilalacho chisanabwere. Mu 1995, Nelson Mandela ali pampando, nduna ya zamadzi Kader Asmal idakhazikitsa ntchito ya Working for Water, yolemba anthu osauka, makamaka amayi ndi achinyamata, kuti azidula mitengo yotereyi. Mu 2004 alimi a mphesa ndi mabungwe a zachilengedwe adayambitsa Biodiversity and Wine Initiative, yomwe pambuyo pake idapitirira m'manja mwa bungwe losamalira zachilengedwe la WWF. Mlimi amene wasiya gawo la malo ake kuti likhale tchire, n'kusamala mitsinje ndi madambo a pafamu pake, amaloledwa kumata pabotolo chizindikiro cha kambalame kotera pa duwa la protea, ndipo wogula amadziwa chomwe akulipirira.

Amalume adaigwira ntchito imeneyi ndi manja awo. Ikatha ntchito yodulira mphesa nyengo yozizira, ankawatumiza kumtsinje ndi macheka a injini. Akagwetsa mtengo ankapaka mankhwala pachitsa kuti chisaphukenso, nthambi n'kuzigaya pamakina, zinyenyeswazo n'kukaphimbira nazo nthaka m'mizere ya mphesa kuti chinyezi chisathawe. Pomwe achotsa bulugama ankabzalapo mbande za mitengo ndi zitsamba za komweko, n'kumazithirira mpaka zitagwira.

"Ndinkati ndikaugwetsa, mtima kuwawa," adandiuza. "Ndimvekere kwathu awa ndi mapaso a nyumba yathunthu. Bulugama wake ndi yemweyu wa kwathuyu, mphwanga. Masamba omwewa, fungo lomweli."

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandipweteka, chifukwa manja anga ali m'gulu la omwe adabzala. Ndili ku sekondale, bungwe lina lidafika m'mudzi mwathu ndi mbande za bulugama zodzaza lole. Adatilangiza kuti tibzale pomwe pali chinyezi kuti zigwire msanga, ndipo malo achinyezi kuposa onse adali kuzungulira kasupe yemwe amadyetsa damu. Tidabzala ndi mtima wonse, tikuimba. Zidagwira pafupifupi zonse, alendo adabwera kudzajambula, mudzi wathu n'kutamandidwa. Patatha zaka khumi, kasupe yemwe agogo anga ankati sadaphwe ngakhale chaka cha njala ya 1949 adayamba kumaleka mu Seputembala. Sindikusenzetsa bulugama yekha mlanduwu, poti nthawi yomweyo minda idakwera mpaka pamutu pa khwawa. Koma mtengo umenewu suyoyola masamba m'chilimwe monga amachitira mombo ndi tsamba. Mizu yake imatsika kukapeza madzi a pansi, ndipo umamwa chaka chonse, kwambiri miyezi yomwe kasupe ali wefuwefu. Pansi pake udzu sumera bwino, ndiye mvula ikagwa imapeza dothi lili pamtunda.

Bulugama timamufuna, asatinamize munthu. Mapaso, mitanda, nkhuni, zigafa za fodya kumunsi kwa Bwanje, zonsezi zikadapanda iye bwenzi nkhalango za Dzonzi ndi Chongoni zitatheratu kalekale. Malo ake ndi pamtunda, kutali ndi kasupe, kutali ndi dambo. Pamadzi pali eni ake: katope, mkuyu, mwimbi, chonya, mbawa, kanjedza, nsungwi. Nayonso imamwa, palibe mtengo wosamwa madzi, koma imakula modekha, mizu yake imaluka gombe ngati mkeka, ndipo imalola udzu kumera pansi pake. Pamaso penipeni pa kasupe ine sindingabzalepo mtengo uliwonse. Pamafunika udzu ndi mlulu basi, ndi mpanda. Ndipo yambiri mwa mitengoyi siifuna n'komwe machubu ndi nazale. Zitsa zake zikadali m'nthaka, chaka chilichonse zimaphuka, chaka chilichonse khasu, mbuzi ndi moto zimazibweza. Kungoziteteza zaka zitatu, khwawa limavala. Sukulu yophunzitsa za nkhalango ili konkuno ku Chongoni, ku Dedza, ndipo zimenezi amazidziwa bwino. Chosowa n'choti nzeruzo zifike kwa amene amagawa mbande.

Kuli chomera china ku Cape chomwe amalume amachitchula mwaulemu, dzina lake palmiet. Chimamera m'madzi mothinana, masamba ake akuthwa m'mbali ngati macheka, mizu ndi matsinde ake zolukanalukana. Madzi osefukira akafika pa icho amafooka, n'kutula mchenga womwe anyamula, ndipo chinyezi chimatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Alimi akale a kumeneko adachigumula ndi mathalakitala kuti akuze minda ndi kuwongola mitsinje. Mitsinjeyo itawongoka idathamanga, n'kuyamba kudya magombe ndi minda yomwe ija. Lero adzukulu awo akuchibzalanso chimodzichimodzi, ndi ndalama zambiri. Palmiet wathu ife ndi bango, mlulu, nsenjere ndi udzu wa m'dambo, ndipo tikuchita zomwe adachita agogo awowo, kungoti ife ndi khasu. Timalima mpaka phazi kuponda m'madzi, timakumba ngalande pakati pa dambo kuti liume msanga tibzale chimanga cha mondokwa. Ngalande ija ikakumana ndi mvula ya Januwale imasanduka chigwembe, chigwembe chimatsitsa madzi a pansi, ndipo zitsime za m'dimba zomwe tinkatunga ndi keni titagwada zimayamba kufuna chingwe. Madzi saiwala khwawa. Dothi lochoka kuno kumapiri limatsika ndi Livulezi, Nadzipulu ndi Namikokwe kukakwirira za anzathu kuchigwa. Sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley ku Mtakataka, ya mahekitala 800, yomwe idamangidwa ndi thandizo la Japan, idaonongeka ndi madzi osefukira patangopita zaka zochepa chiitsegulireni, mpaka idachita kukonzedwanso.

Tsono kukonza damu lenilenilo kumatani? Titaima pakhoma tsiku lija, amalume adandionetsa zinthu zomwe ndakhala ndikuzidutsa zaka zonsezi osaziona. Pakhoma pamera mitengo itatu ikuluikulu, ndipo ife tinkayesa kuti ikulimbitsa. Iwo adapukusa mutu. Muzu ukaboola khoma la dothi, tsiku lomwe mtengowo udzafe muzuwo udzaola n'kusiya njira, madzi adzayamba kudontha, kenaka kuchucha, kenaka khoma lidzapita usiku umodzi. Pakhoma pamafunika kapinga yekha, womweta. Adandionetsa chulu chomwe chayamba kumbuyo kwake, chiswe chikufukula m'kati. Adandionetsa potayira madzi, pomwe padapangidwa kuti damu likadzaza madzi azidutsa pambali: wina adalimapo mizere ya mbatata, ndiye mvula yamphamvu ikadzabwera madzi adzakwera pamwamba pa khoma. Kenaka tidapita kumtunda, polowera madzi. Pafamu yomwe ankagwira, adati, madzi asanalowe m'damu ankayamba adutsa m'kadziwe kakang'ono ndi m'bango lowirira. Dothi linkatsalira m'kadziwemo, momwe n'mosavuta kukokolola ndi fosholo chaka ndi chaka, ndipo m'damu munkalowa madzi osefeka. Kwathu polowera madzi pali dimba.

Matope omwe adzaza kalewo ndi chuma, tisawaone ngati zinyalala. Ndi dothi la pamwamba la minda yathu, lomwe lidatsika pamodzi ndi manyowa ndi feteleza yemwe tidagula modula. Okutobala ndiye mwezi wake wowatuta pangolo kubwerera nawo kumunda, kungosamala kuti pokumba tisaboole dongo la pansi lomwe limagwira madzi. Damu lakuya limasunga madzi nthawi yaitali kuposa lotambalala ngati mbale, lomwe dzuwa ndi mphepo zimamwa mosavuta.

Za ng'ombe ndiye zimafuna kulimba mtima, poti kuno kwa Angoni ng'ombe si chiweto wamba. Komabe ziboda ndi zomwe zimagumula magombe, ndipo ndowe ndi mkodzo ndi zomwe zimabiriwitsa madzi. Njira yake ndi yodziwika: paipi yodutsa pansi kapena pamwamba pa khoma, yotsitsa madzi okha popanda pampu, kukathira m'chomwera cha simenti kumunsi, pambali pake mpopi wa amayi otunga ndi ochapa. Damu lonse n'kulitchinga. Ku Australia, dziko linanso la mphesa ndi ziweto, akatswiri a ku Deakin University adayerekeza madamu a m'mafamu a ziweto otchingidwa ndi osatchingidwa, ndipo zomwe adatulutsa mu 2022 zidaonetsa kuti otchingidwa madzi ake adali oyera bwino, ndipo mpweya wa methane, umodzi mwa yomwe ikutenthetsa dziko, unkatuluka wochepa ndi 56 pa 100 iliyonse. Mbusa wa kwathu safuna kafukufuku kuti adziwe kuti ng'ombe yomwa madzi oyera imanenepa, ndipo amene adaonapo chiwindi cha ng'ombe chodzaza nyongolotsi pomwe akupha pamsika amadziwa komwe zimachokera: ku nkhono za m'matope momwe ng'ombe zimaima. Waya ndi wodula ndipo amabedwa, koma khonje timabzala tokha. Nkhadze yokha isayandikire madzi, utomoni wake umapha nsomba.

Pali chinanso chomwe sitikonda kuchikamba. Kachewere ndi tomato wa kuno sapsa popanda kupopera. Dithane wa chiwawu, cypermethrin wa mbozi, sabata ndi sabata. Akamaliza kupopera, sipuleya amakatsukira kuti? Mumtsinje, pomwe mwana akutunga chakumunsi. Cypermethrin ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi nkhanu, ngakhale pang'ono pokha. Alimi a mphesa nawonso amapopera kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe amasiyira tchire pakati pa munda ndi madzi n'choti lizigwira mankhwala ouluka ndi mphepo ndi otsika ndi mvula. Mzere wa vetiva ndi nsenjere wa mamita ochepa chabe umagwira ntchito yomweyo. Matemba ndi nkhanu zomwe tinkagwira tili ana sizidasamuke zokha.

Wina anena za udzudzu ndi likodzo, ndipo sakulakwa. Udzudzu wina wa malungo umaswana m'madzi a udzu, winanso m'mapondo a ng'ombe ndi m'maenje a njerwa omwe ali padzuwa. Damu lamoyo, la chilunguni ndi makumba, achule ndi atombolombo, limadya mphutsi zambiri kuposa chithaphwi chomwe tili nacho lero, koma neti isachoke pabedi. Likodzo limagwira munthu amene walowa m'madzi, ndipo mpopi wa kumunsi kwa khoma ndiwo ungatulutse amayi ndi ana m'madzimo.

Chovuta chenicheni ndi dimba lija la polowera madzi. Ndi la agogo ena a mbumba yathu, amayi awo aang'ono a amalume, amasiye, omwe akulera adzukulu anayi. Tidawapeza akuthirira mpiru ndi keni yothothoka kumlomo, atamanga ndi lamba wa njinga. Amalume adavula chipewa, n'kukhala pansi pamzere, n'kufotokoza zonse mwaulemu, za bango, za kadziwe, za ku Joni. Agogo adamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Mwamaliza, bambo? Zonse mwanenazi n'zoona, damuli ndidaliona likukumbidwa ine. Koma bango limalipira fizi? Sopo, mchere, chigayo, zonse zimachokera pamene mwakhalapo. Mundionetse pena pothirira, mawa lomwe ndichoka. Koma musanditumizire anyamata a mfumu ndi zikwanje."

Mawu amenewa ndi omwe amasiyanitsa ife ndi alimi a mphesa aja, ndipo amene akufuna kukopera za ku Cape osawamva adzalephera. Mwini famu wa ku Wellington ali ndi mahekitala mazana. Akasiya mamita makumi angapo m'mbali mwa mtsinje, mwana wake sagona ndi njala, ndipo botolo lake limagulidwa ku London pamtengo wabwino chifukwa cha kambalame kaja. Malo amenewo makolo ake ambiri adachita kulanda kwa eni nthaka, minda yoyamba idalimidwa ndi akapolo, ena ochokera ku Mozambique konkuno, ndipo kwa zaka zambiri antchito ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo. Amalume adabwerako ndi msana wopweteka ndi ndalama zochepa. Sindikuwatamanda anthuwo ngati oyera mtima. Adasamala madzi chifukwa adawerengera n'kupeza kuti kusasamala kukuwadyera ndalama, ndiponso boma lawo lidalipira gawo lalikulu la ntchito yodula mitengo ija. Agogo athuwa malo awo onse othirira sakwana ndi theka la ekala. Kuwauza kuti asiye mamita khumi ndi kuwauza kuti asiye zonse.

Malamulo oletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje alipo, ndipo mafumu ambiri adakhazikitsanso awo a m'mudzi, a chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi. Agwira ntchito pati? Amagwa pa amasiye ndi osauka, pomwe mwini pampu ya injini amene akupopa mtsinje wonse kuthirira maekala a kachewere amadutsa bwinobwino. Lamulo lotere anthu amaligonjera masana okha. Ine ndikuti amene akutaya dimba chifukwa cha madzi a mudzi wonse, mudzi wonse umubwezere. Kumunsi kwa khoma, komwe paipi ingafikitse madzi popanda kusenza keni, kukhale malo oyamba a iwo amene achoka kumtunda. Udzu wa m'mbali mwa damu azimweta ndi iwowo, kudyetsa mbuzi za m'khola kapena kugulitsa wofolera. Bango la mphasa, nsungwi za malichero, ming'oma ya njuchi, mapichesi ndi nthochi zobzala chakumtunda kwa mzerewo, zikhale zawo. Nsomba zikagulitsidwa, gawo lawo lidziwike poyera. Tchire la m'mbali mwa madzi likakhala ndi mwini amene akudyapo, silipsa.

Ndipo pokambirana tisalakwitse khomo. Kuno kwathu midzi yambiri ndi ya chikamwini, minda ndi madimba zimayenda ndi amayi. Misonkhano ya mabungwe imadzaza ndi abambo, omwe ambiri ndi akamwini, anthu oti sangagamule za dothi la eni ake ndipo ena safuna n'kubzala komwe mtengo pamudzi poti sadziwa ngati adzadye zipatso zake. Amavomera zonse, kusaina, kulandira fanta, ntchito n'kufera pomwepo. Za dimba zimakambidwa ndi amayi eni dimba pamodzi ndi eni mbumba awo, pakhonde, mofatsa, ulendo woposa umodzi.

Ndalama zoyambira sizikusowa kwenikweni. Ntchito ya M'bwezera Chilengedwe ikulipira kale anthu m'midzi kuti akumbe maswale (ngalande zogwira madzi a mvula), atseke zigwembe ndi kubzala mitengo. Ntcheu idalowa m'gulu la maboma a pulojekiti ya MWASIP, ya ndalama za World Bank, yosamalira madera omwe madzi a Shire amachokera. Dziko lino lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Chomwe ndikudandaula ndi kawerengedwe. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala timamva za mbande mamiliyoni, ikatsekedwa pa 15 Epulo timaombera m'manja, koma Seputembala akafika, mbuzi zitatayiriridwa ndipo anyamata osaka mbewa atayatsa tchire, palibe amene amabwera kudzawerenga zotsala. Ku Cape adaphunzira movutika kuti kudula kamodzi n'kutaya ndalama: njere za wattle zimakhala m'nthaka zaka makumi angapo, ndipo ukapanda kubwerera chaka ndi chaka tchire lake limabwerera lowirira kuposa kale. Nafenso malipiro ena azisungidwira mwezi wa Okutobala, aziperekedwa poona mitengo yomwe yapulumuka, mzere wa vetiva womwe sudapse, ndi kutalika kwa madzi pa ndodo yozikidwa m'damu. Alangizi athu angathe kuyeza zimenezi ndi foni ndi tepi. Khonsolo ikamalemba mapulani a chaka, iyambe yatuma anthu kukawerenga madamu akale a m'boma lino, lililonse ndi vuto lake, isanasaine kontalakiti yokumba lina. Chilala cha 2024, chomwe chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, chidapeza madamu ambiri otere ali ndi dothi m'malo mwa madzi.

Kwathu tayambapo pang'ono. Mitengo itatu ya pakhoma idadulidwa, chulu chidakumbidwa n'kutsekedwa ndi dongo, ndipo mwini mbatata za potayira madzi adavomera kukolola n'kusabzalanso. Amalume ndi anzawo awiri a ngolo adatuta matope mpaka mvula yoyamba idawaletsa, ndipo chimanga cha pomwe adathira chidasiyana ndi chinzake moti anthu odutsa ankaima. Za bulugama wa pakasupe mudzi udagawikana, poti mitengoyo ndi ndalama, ndipo tagwirizana zodula mizere iwiri yoyandikira madzi chaka chino, mapaso ake agulitsidwe kuti tigulire paipi. Malo a kumunsi kwa khoma ndi a banja lina lomwe mwini mbumba wake ali ku Blantyre, ndipo wati abwera akamaliza maliro a kuchimuna kuti tidzakhale pansi. Ndidakaonana ndi a khansala kuwapempha kuti mbande za chaka chino asinthanitse ndi matumba asanu a simenti ya chomwera ng'ombe, ndipo adalemba m'kabuku kawo. Agogo aja abzalanso mpiru polowera madzi, ndipo amalume auza anyamata kuti aliyense wokhudza dimbalo paipi isanafike adzayankha kwa iwo.